Malume, mbalame ya ku Thyolo yanditopetsa

Malume,

Ndine mnyamata wa zaka 17, ndili Fomu 3, kwathu ndi kufupi ndi Luchenza. Ndili wamng'ono ndinali katswiri wa legeni, koma nditalowa kalabu ya zachilengedwe kusukulu kwathu, aphunzitsi anandigwiritsa magalasi oonera patali, ndipo kuyambira tsiku limenelo legeni ndinaitaya. Pano ndili ndi kope lomwe ndimalembamo mtundu uliwonse wa mbalame umene ndaona. Ndadutsa mitundu 120.

Chandivuta ndi mbalame imodzi yotchedwa Thyolo Alethe. Nditamva kuti dzina lake linachokera kwathu konkuno, komanso kuti padziko lonse imangopezeka m'mapiri a kuno kummwera ndi ena a ku Mozambique, ndinalumbira kuti ndiiona basi. Chaka chatha ndithu osaiona. Ndalama za ganyu zimathera minibasi ndi kabaza. Ndakwera mbali ya Mulanje kangapo, ndalowa m'tinkhalango ta m'minda ya tiyi ku Thyolo, ndanyowa ndi chiperoni, tsiku lina linthumbu linandiluma mpaka kuvula buluku m'thengo. Ndaonako timbalame tina monga Yellow-throated Apalis, koma si imene ndikufuna.

Chimene chandiwawa kwambiri n'chakuti mwezi watha kunabwera alendo achizungu, anangogona usiku umodzi, m'mawa mwake akuti aiona mpaka kuijambula. Ine mwana wa konkuno, ayi. Anzanga amandiseka, amati ndapenga, ndikusaka mbalame yoti sindidzadya n'komwe. Mayi akuti ndikutaya nthawi ndi ndalama pamene chaka chamawa ndikulemba mayeso a MSCE.

Sabata yatha ndinaona kambalame kofiirira kakuuluka pansipansi, pakhosi pooneka ngati poyera, kenaka kanalowa m'zitsamba. Sindinakaonetsetse. Mtima wina ukuti ndingolemba kuti ndi yomweyo nkhani ithe, poti palibe angandigwire. Mnzanga wina akuti nditsitse kulira kwake pafoni, ndikalize mokweza m'nkhalangomo, ibwera yokha.

Ndithandizeni Malume. Ndilembe? Ndikalize foniyo? Kapena ndingozisiya zonsezi?

Wokhumudwa, Luchenza

Mphwanga,

Ndiyambe ndi linthumbu lija linakuvula buluku, chifukwa m'kalata yako yonse mulibe mawu ofunika kuposa amenewo. Tsiku limenelo unathawa pamalo pamene unayenera kungosunthira pambali n'kuima phee. Thyolo Alethe ndi mbalame yotsata linthumbu.

Linthumbu likatuluka kukasaka chakudya limafalikira m'masamba ogwa pansi, ndipo kachilombo kalikonse kobisala mmenemo kamadzambatuka kuthawa: akangaude, mphemvu za m'thengo, tiziwala, mbozi. Mbalame yakoyo imatera pakanthambi kotsika kapena pachitsa, kutsogolo kwa gululo, n'kumatola zothawazo chimodzichimodzi. Chimene imafuna kwenikweni ndi zimene linthumbu lavumbulutsa. Pamalo otere imakhala yaukali, imapirikitsa timbalame tina tofuna kudya nawo, ndipo chifukwa chotanganidwa ndi kudya imachepetsa manyazi ake. Mbalame yomwe masiku ena imangoonetsa msana n'kuzimirira, pa linthumbu imatha kukhala poyera kwa nthawi ndithu.

Ndikudziwa kuti akuluakulu akuuza kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Akunena zoona, koma udekhe pamene pali nkhono. Kudekha iwe uli nako, munthu wosadekha sangathe chaka akunyowa ndi chiperoni. Chimene chakuperewera n'kudziwa moyo wa mbalameyo: imadya chiyani, imadya nthawi yanji, imalira bwanji, mwezi uno ili kumtunda kapena kumunsi. Mpaka pano wakhala ukuthamangitsa dzina lomwe unaliona m'buku. Zili ngati kuvala bwinobwino, kulipira minibasi, n'kukafika pamsika tsiku losakhala la msika, kenaka n'kumadandaula kuti ogulitsa akukubisalira. Tsono tiye tikambe za moyo wakewo.

Ukapeza linthumbu, nthawi zambiri umayamba waona mzere wopapatiza wodutsa panjira, asilikali a mitu ikuluikulu ataima m'mbali mwake. Pamzerepo si pamene pali phwando. Yang'anitsitsa, uona kuti ena anyamula zidutswa za tizilombo. Onyamulawo akubwerera kuchisa, choncho iwe ulowere kumene akuchokera. Ukautsatira mzerewo modekha, ufika pamene wamwazika n'kukhala chigulu chofalikira pansi, masamba ali tsekeretsekere. Pamenepo ndiye kutsogolo kwa nkhondo, ndipo mbalame zimasonkhana pomwepo. Buluku ulowetse m'sokosi, uime pambali mapazi angapo kuchokera pamene gululo likulowera, ndipo uzicheukira pansi kawirikawiri chifukwa limasintha njira. Usakhale pansi, usayedzamire mtengo, usaloze ndi dzanja. Maso ako akhale m'munsi, kuyambira pansi kufika m'chiuno mwako. Amene amasaka mbalame imeneyi khosi lili chagada amapita kwawo ndi khosi lowawa basi.

Linthumbu limakonda pachinyontho ndi pamthunzi. N'chifukwa chake mbalameyi imapezeka mkatikati mwa nkhalango yobiriwira chaka chonse, makamaka m'mbali mwa timitsinje ndi m'zigwembe, kumene dzuwa silifika pansi. M'bulugamu, m'paini kapena m'tiyi usatayemo nthawi. Kankhalango kakachepa kwambiri, mphepo ndi dzuwa zimaumitsa pansi, linthumbu limachepa, mbalame nayo imasamuka. Tinkhalango tina tomwe walowamo mwina tilibe mbalameyi n'komwe, ngakhale utagonamo mwezi.

Kenaka pali nkhani ya nthawi. Munthu wodalira minibasi ya ku Luchenza kenaka kabaza amafika m'nkhalango dzuwa litakwera, mbalame zambiri zitadya kale n'kukhala duu. Ola loyamba kukangocha limaposa maola onse a masana kuwaphatikiza pamodzi. M'bandakucha mbalame za pansi zimatulukira m'tinjira kukatola chakudya, ndipo kachisisira zimachitanso chimodzimodzi. Ngati uli ndi wachibale kapena mnzako wa kusukulu wokhala kufupi ndi nkhalango, pempha malo ogona, kuti kuwala kukupezere uli kale pamalo. Ulendo umodzi wotere ndi wabwino kuposa maulendo ambiri ofika nthawi ya nsima.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Mbalame za m'nkhalango za m'mapiri kuno zimaswana chakumapeto kwa chilimwe ndi kuchiyambi kwa mvula, ndipo ndi nthawi imene zimalira kwambiri, choncho kuyambira cha mu Okutobala kufika cha mu Januwale khutu limakuthandiza. M'miyezi yozizira zina zimatsika kuchokera pamwamba kudza m'nkhalango za m'munsi mwa phiri. Chigwa cha mtsinje wa Ruo, kumtunda kwa minda ya tiyi ya Lujeri, ndi amodzi mwa malo odziwika ndi mbalameyi, monganso zotsalira za nkhalango m'minda ya tiyi ya ku Thyolo. Malo amenewa ali ndi eni ake kapena oyang'anira, choncho pempha chilolezo usanalowe. Ukagwidwa ukuzemba alonda, watsekera khomo ana onse a kalabu yanu.

Za alendo aja usawawidwe nazo mtima. Sanakupose maso. Iwo anagula chidziwitso cha munthu wina, ndipo munthuyo mosakayika ndi Mmalawi mnzako amene wayenda m'nkhalangomo zaka zambiri, amadziwa kamtsinje kamene mbalameyo imakonda, mwinanso anapita dzulo lake kukaona kumene linthumbu lalowera. Alendowo anaiona mbalame, koma woidziwa ndi iyeyo. Mawa utawasiya okha m'nkhalangomo angasowe poyambira. Iwe ukufuna kufanana ndi ndani pa awiriwa? Ndikuona kuti msewu umene uli nawo ndi wa woperekezayo, wautali koma wosiya kanthu m'mutu. Ndipo m'dziko muno muli anthu amene amadyetsa mabanja awo ndi luso limenelo, ku Mulanje, ku Zomba, ku Liwonde, ku Nyika ndi ku Dzalanyama.

Safunsa anadya phula, mphwanga. M'kalata yako sindinamve kuti unafunsapo munthu. Alonda a m'minda ya tiyi, amayi otola nkhuni, ofula njuchi, ngakhale anzako aja a legeni ndi ulimbo, onsewa amaiona nkhalango masiku ambiri kuposa iwe. Dzina la m'buku sangalidziwe, ndiye usawafunse dzinalo. Afunse kumene aona linthumbu sabata ino, ndi mbalame zimene zimalitsata. Aonetse chithunzi. Pita kwa aphunzitsi a kalabu yanu akulumikize ndi a Wildlife and Environmental Society of Malawi, amene amayang'anira makalabu a zachilengedwe m'sukulu ndipo m'nthambi zawo muli anthu odziwa mbalame. Ku Mulanje kuli a Mulanje Mountain Conservation Trust. Mnyamata waulemu wonyamula kope lodzaza bwino sachedwa kupeza wamkulu womuitana kuti tiye tipitire limodzi.

Udziwenso kuti kulephera kwako kwina si mlandu wako. Mbalameyi inalembedwa koyamba m'mabuku a sayansi mu 1927 ndi William Sclater, ndipo nthawi imeneyo mapiri a kummwera kuno anali ndi nkhalango zowirira. Nkhalango ya paphiri la Thyolo, yomwe inapatsa mbalameyi dzina, inagwetsedwa pafupifupi yonse kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Ya paphiri la Ndirande inatha. Iwe ukudziwa bwino kuposa ine mmene malo alili ochepa kwanuko, anthu ambiri, minda yothinana, gawo lalikulu la nthaka lili m'maesiteti. Amene anadula mitengoyo ankafuna polima ndi nkhuni zophikira, koma mapeto ake ndi akuti mbalame imene agogo ako akanaiona popita kotunga madzi, iwe uyenera kuilipirira thiransipoti. Ukabwerako manjamanja, china mwa zimene waona ndi kuchepa kwa nkhalangoyo.

Komabe nkhani yake sinathe. Mu 2005 katswiri wina, Julian Bayliss, akuyang'ana zithunzi za Google Earth anaona chibanthu chobiriwira paphiri la Mabu m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, kummawa kwa Mulanje. Anthu okhala m'munsi mwa phirilo ankaidziwa nkhalangoyo kuyambira kale, koma asayansi anali asanaifufuze. Gulu la ofufuza litakwerako mu 2008 linapeza nkhalango yaikulu yosadulidwa, ndipo Thyolo Alethe inalimo yambiri ndithu. Imapezekanso pamapiri a Namuli ndi Chiperone. Ndakuuza zimenezi kuti uone kuti za mbalame imeneyi zikulembedwabe, ndipo amene akulemba ndi anthu oyenda pansi ndi kope m'manja. Apa ndiye pakubwera funso lako loyamba.

Usalembe. Kambalame kaja sunakaonetsetse, ndipo iwe mwini wavomera. M'nkhalango za Mulanje muli timbalame tingapo tofiirira touluka pansipansi. Olive-flanked Robin-chat nayo ili ndi pakhosi poyera. Ana a White-starred Robin amasokoneza anthu ambiri. Mumthunzi wa m'nkhalango, maso a munthu amene waifunitsitsa mbalame chaka chonse amamuonetsa chimene mtima ukufuna. Thyolo Alethe msinkhu wake ndi wofanana ndi wa pumbwa, koma imaima mowongoka pamiyendo yaitali yoyererako. Msana wake ndi wofiirira, pakhosi poyera mbee, pachifuwa potuwa, ndipo nthenga za m'mbali mwa mchira zili ndi nsonga zoyera zomwe zimaoneka ikamauluka kukuthawa. Ukaona zitatu mwa zimenezi bwinobwino, lemba ndi mtima wonse.

Ukuti palibe angakugwire. N'zoona, ine sindidzabwera kudzafufuza kope lako. Koma taganiza chimene chidzachitike tsiku limene udzaione yeniyeni, itatera pachitsa patsogolo pako. M'malo mosangalala udzakhala ukukonza bodza lakale, ndipo sudzatha kuuza anzako kuti lero ndiye lero, popeza unawauza kale kuti unaiona. Kuposa pamenepo, dzina limodzi lonama limadetsa mitundu 120 ija yonse. Pakati pa anthu oona mbalame, chuma chachikulu ndi kukhulupirika. Munthu akadziwika kuti amaona zimene palibe, ngakhale tsiku limene waonadi chachilendo anthu amangogwedeza mutu.

Chita izi m'malo mwake. Kumapeto kwa kope lako tsegula tsamba la "mwina". Lembamo tsiku, malo, nthawi, zimene unaona ndi zimene sunaone: kofiirira, pansipansi, pakhosi ngati poyera, mchira sindinauone. Jambulapo kachithunzi ndi pensulo ngakhale kakhale koseketsa. Akatswiri enieni ali ndi masamba otere ambirimbiri, ndipo sachita nawo manyazi. Kunena kuti "sindinaidziwe" ndi luso limene oyamba kumene ambiri amachedwa kuliphunzira.

Masiku ako obwerako chimanjamanja nawonso uziwalemba, chifukwa ali ndi mtengo. Tsiku lililonse lemba pamene unalowera, ola loyambira ndi lomalizira, nyengo, ngati unapeza linthumbu kapena ayi, ndi mbalame zonse zimene unaona kapena kumva, ndi pumbwa yemwe. Ukapeza mpata wa intaneti, lowetsa zimenezi pa eBird, nkhokwe yaulere yomwe a Cornell Lab of Ornithology anayambitsa mu 2002. Ukamatumiza amakufunsa ngati walemba mbalame zonse zimene unazizindikira. Amafunsa dala, chifukwa ofufuza amaphunzira pa zimene zinapezeka komanso pa zimene sizinapezeke. Ngati mnyamata wosamala walowa m'kankhalango kena m'mamawa miyezi yotsatizana osapezamo Alethe, umenewo ndi umboni wofunika kwa oteteza nkhalango. Buku lalikulu la mbalame za dziko lino, The Birds of Malawi la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett, linatuluka mu 2006. Kuyambira pamenepo mitengo yambiri yagwa, namondwe Freddy wa mu 2023 anagumula mapiri a kwanuko, ndipo olemba za mbalame zotsala m'tinkhalango timeneto ndi ochepa. Alendo amabwera usiku umodzi n'kupita. Iwe ulipo chaka chonse. Tsono ukuona chifukwa chake bodza limodzi lingawononge zambiri? Ukalemba Alethe pamene palibe, wauza dziko kuti nkhalango yodwala ili bwino.

Funso lachiwiri, la foni. Mnzakoyo sakunama, nthawi zina mbalame imabweradi. Koma imabwera chifukwa chiyani? Imamva ngati mwamuna wina walowa m'dera lake kudzalanda malo ndi mkazi. Imasiya kudya, mwina kusiya chisa chili ndi mazira kapena ana, n'kumazungulira kufuna mdani amene kulibe. Iwe ukapita kwanu, iyo imatsala ili tcheru kwa nthawi yaitali. Kwa mbalame yochuluka, kamodzi, mwina vuto n'lochepa. Koma iyi ndi mbalame yotsala pang'ono, yopanikizidwa m'tinkhalango tochepa, ndipo aliyense woifuna amapita malo omwewo. Aliyense atamaliza foni, banja limodzi lomwelo lizivutitsidwa sabata ndi sabata, makamaka nyengo yoswana. Iwe unataya legeni chifukwa unasankha kusiya kuvutitsa mbalame. Usabwezere mavutowo kudzera pa sipika.

Foniyo igwiritse ntchito kunyumba. Pa xeno-canto, malo a paintaneti osungira kulira kwa mbalame, pali mawu a mbalame zambiri za kuno. Mvera kulira kwa Alethe mobwerezabwereza, kalikhweru kofewa ka mawu ochepa, mpaka uthe kukazindikira uli m'tulo. Mveranso kulira kwa zinzake za m'nkhalango yomweyo kuti uzitha kusiyanitsa. M'nkhalango yowirira, mbalame zambiri umayamba wazimva usanazione. N'kutheka ndithu kuti Alethe yakhala ikulira pafupi nawe kangapo iwe n'kudutsa osadziwa. Ukalowa m'thengo, foni ikhale yojambulira mawu. Ukamva kulira kokayikitsa, jambula, ukafananize kunyumba kapena ukamvetse wodziwa. Ndipo ukaimva motsimikiza, lemba kuti "ndaimva". Nako n'kukumana nayo.

Pali mawu ena m'kalata yako amene andiseketsa ndi kundimvetsa chisoni nthawi imodzi. Ukuti waonako "tina monga Yellow-throated Apalis". Mphwanga, mwa mitundu pafupifupi 650 ya mbalame yolembedwa m'dziko muno, imeneyo ndi yomwe imapezeka m'Malawi mokha, pamapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa. Alethe tikugawana ndi a ku Mozambique, koma kambalame kachikasu kameneko n'kathukathu. Pali anthu amene amakwera ndege kuchokera ku Ulaya kudzakaona, ndipo iwe wakataya m'chiganizo chimodzi ngati chenje cha kugolosale. Apa ndi pamene kuthamangitsa mbalame imodzi kumamufikitsa munthu: zonse zimene waona zimasanduka "si imene ndikufuna". Kodi unakhalapo n'kuonetsetsa mmene kamasakira tizilombo m'masamba, kapena mmene kamwamuna ndi kakakazi timayankhirana? Bwerera ukakaone bwino.

Ndipo usaiwale za pakhomo. Luso loona mbalame limakula ndi mbalame za tsiku ndi tsiku, zomwe sizifuna thiransipoti. Sankha malo amodzi ofikako wapansi, kaya ndi dambo, m'mbali mwa mtsinje kapena m'mitengo yozungulira sukulu, uzipitako m'mawa umodzi sabata iliyonse. Udziwe pumbwa, nthengu, mpheta ndi njiwa za pamenepo mpaka uzizizindikira ndi kauluko kokha. Uone mwezi umene anamzeze ochokera ku Ulaya amafika ndi umene amanyamuka, ndi kumene nantchengwa wamanga chisa. Diso lozolowera mbalame wamba ndi limene limagwira msanga yachilendo. Masekondi awiri aja amene kambalame kofiirira kanakupatsa, kwa diso lophunzitsidwa bwino amakwana.

Tsopano za mayi. Akunena zoona pa zinthu ziwiri, ndalama ndi mayeso, ndipo ndikhulupirira pali chachitatu chimene sanakuuze: akuopa. Mulanje si phiri losewera nalo. Nkhungu imatsika mwadzidzidzi, mitsinje imadzaza ndi mvula yogwa kumtunda iwe osaiona, miyala imaterera, ndipo anthu asowapo paphiri limenelo. Usalowenso m'nkhalango wekha. Uzinena kumene ukupita, amene ukupita naye ndi nthawi yobwerera, ndipo nthawiyo uziisunga. Khala nawo pansi mayi mupangane: maulendo akutali akhale a patchuthi pokha, ochepa ndi okonzedwa bwino, ndalama yake yodziwika, ndipo teremu ikayamba mabuku patsogolo. Aonetse kope lako, auze kuti pali anthu amene ntchito yawo ndi imeneyi, oyang'anira nkhalango, operekeza alendo, ofufuza za chilengedwe, ndipo kuti khomo lolowera kumeneko ndi kukhoza bwino Biology, Geography ndi Chingerezi pa MSCE. Ukakhoza mayeso, nkhalango udzalowamo moyo wako wonse, mwina mpaka kumalipidwa. Ukalephera chifukwa cha mbalame, mayi adzadana ndi mbalame zonse, ndipo sindidzawaimba mlandu.

Anzako okusekawo usakangane nawo. Tenga mmodzi, umubwereke magalasiwo, umulozere nkhwazi kapena kadzidzi ali m'tulo masana. Iwenso unali wa legeni mpaka tsiku limene munthu wina anakugwiritsa magalasi. Ukapeza mmodzi wotengeka, wapeza woyenda naye m'nkhalango, ndipo nkhawa ya mayi yachepa.

Funso lako lomaliza ndi lakuti usiye kapena ayi. Siya kuthamangitsa, koma usasiye kuona mbalame. Sindikulonjeza kuti ukachita zonse ndanenazi uiona chaka chino. Pali akatswiri amene anapita ku Ruo ndi zida zodula n'kubwerako osaiona, ndipo mbalame ya m'thengo ilibe pangano ndi munthu. Chimene ndingakulonjeze n'chakuti ukayamba kusaka linthumbu, kudzuka m'bandakucha, kuphunzira mawu, kufunsa anthu ndi kulemba zoona zokhazokha, ulendo uliwonse uzibwerako ndi kanthu, ndipo mwayi wako wokumana nayo ukula kwambiri.

Teremu ino werenga, uzipita pamalo ako a pafupi aja Loweruka m'mawa, ndipo madzulo uzimvera mawu a mbalame za m'nkhalango. Patchuthi chikubwerachi konza ulendo umodzi wokha, wogona kufupi ndi nkhalango, uli ndi chilolezo, mnzako ndi munthu wodziwa malowo. Ukabwerako undilembere, kaya waiona kaya sunaione. Undiuze kumene linthumbu linali, mbalame zimene zinkalitsata, ndi zimene mayi ananena ataona kope lako.

Ndine,
Malume ako